Pempho la thandizo: nyumba yathu yosungiramo mbewu yagwa

Kwa ana athu ndi abale nonse amene muli kutali ndi mudzi uno,

Ife a komiti ya chitukuko tikukudziwitsani kuti nyumba yosungiramo mbewu ija, ya kuseri kwa sukulu, yagwa. Mvula yamkuntho inasasula denga, madzi analowa m'zipupa, ndipo khoma lakum'mawa linagwa usiku womwewo. Matumba amene tinapulumutsa taunjika m'kalasi, moti ana akuphunzira mothithikana.

Nyumba imeneyi ndiyo yatukula mabanja kuno. Mukukumbukira kuti kale tinkagulitsa mbewu tikangokolola, aliyense ali pamsika, mitengo ili pansi. Ikafika miyezi ya njala tinkagulanso mbewu yomweyo modula kwa mavenda omwe aja. Chimangidwireni nyumbayi, timayanika mbewu mpaka chinyezi chitsike kufika pa 13 peresenti, n'kuithira m'matumba a PICS osalowa mpweya, momwe anankafumbwe amafera okha popanda mankhwala. Tikatero timadikira mtengo ukwere, n'kugulitsa pamodzi pasikelo imodzi, aliyense akuona ndi maso ake. Phindu lake mumaliona mukabwera: malata pomwe panali udzu, magetsi a dzuwa, njinga pakhomo, atsikana akufika kusekondale. Ngakhale amayi amasiye amene ankakhalira maganyu m'minda ya eni pano akulima yawo, ena ali ndi khola la mbuzi.

Sitinakhale manja lende. Anyamata aumba njerwa ndipo uvuni wapsa kale, amayi atuta mchenga kumtsinje pamutu, mmisiri wathu wavomera kumanga osalandira kanthu. Zatikanika ndi zofuna ndalama: simenti, malata, matabwa a denga, misomali ndi mapulanga oyalapo matumba kuti asagone pansi. Kunabwera akuluakulu ena pagalimoto, anajambula zithunzi, analonjeza malata pamaso pa amfumu. Mpaka lero sitinawaonenso.

Kupempha kukutichititsa manyazi, chifukwa nyumbayi tinaimanga tokha ndipo midzi yoyandikana nayo inkabwera kudzaonera kwa ife. Tikudziwa kuti kutauni nako zinthu zathina, sitikukana. Koma enanu fizi yanu inachokera m'matumba omwewa, ndipo makolo anu akatifunsa ngati mwayankhapo, timasowa chowauza.

Kumunda mbewu yayamba kuuma. Ikasowa pokhala, aliyense aisunga m'nyumba mwake momwe makoswe ndi chuku siziisiya, ndipo ambiri agulitsa msanga pamtengo wolira monga kale. Amene angathe thumba la simenti kapena lata limodzi atumize kwa msungichuma wa komiti, kapena apereke kwa amfumu. Inu amene muli ndi galimoto, tithandizeni kunyamula katunduyu denga likwere tisanayambe kukolola.

Ife makolo ndi abale anu,
Komiti ya chitukuko cha m'mudzi