Za diresi la chinkhoswe ndi thupi langali

Wokondedwa Nachisale,

Kalata yako ndalandira Lachiwiri, pamodzi ndi zithunzi zija. Koma iwe, ku Cape Town akukudyetsa chiyani? Masaya achita kudzaza chithunzi chonse! Amayi atachiona anangoti, "Mwanayu akupeza bwino." Mawu amenewa ndi amene andigwiritsa cholembera usiku uno.

Ine ndatsika ndi makilo 9 chiyambire Epulo. Kuchipatala anandipeza ndi BP yokwera, shuga nayenso ali pamalire, ndiye anati ndichepetse mchere, mafuta ndi zotsekemera. Tchipisi cha pachiwaya ndinasiya, mandasi ndinasiya. Pakhomo pano tsopano ndi mgaiwa, bonongwe, nkhwani wotendera ndi usipa. Loweruka m'mamawa timakwera phiri la Soche ndi amayi ena atatu. Mutu uja unkandigonetsa masana unaleka.

Koma ku Zingwangwa kuno palibe ndi mmodzi yemwe amene wandiyamikira. ANaphiri anandikokera kuseri kwa tchalitchi, nkundigwira dzanja: "Mwana wanga, unakayezetsa? Mankhwala alipo, usachite manyazi." Sindinawakwiyire ayi. Iwo anaika ana awiri m'manda ma ARV aulere asanabwere mu 2004, ndipo kwa iwo munthu akayamba kuonda ndiye kuti maliro ali pafupi. Komabe zinandilasa mtima. Apongozi nawo akuti ndikuchititsa manyazi mwana wawo, anthu aziti sagula ndiwo. Chonsecho kafukufuku wa mu 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu atatu aliwonse m'Malawi muno, mmodzi ali ndi BP yokwera. Nanga amalume ako aja amene anangogwa pampando, si ankatamandidwa ndi mimba yawo ya ubwana?

Tsono chondisowetsa tulo ndi diresi. Chinkhoswe cha mng'ono wako chayandikira, chitenje tinasankha kalekale, cha maluwa a buluu. Telala wathu wa ku Limbe anandiyeza mu Malichi. Dzulo ndakaliyesa, likungolendewera ngati thumba. Masitayilo a masiku ano mwa Instagram onse ndi ogwira thupi: m'chiuno mothina, m'mawondo mothina, pansi nkudzayanzika ngati mchira wa nsomba, manja otukumuka. Telala anandizungulira kawiri, mapini ali kukamwa, kenako nkuti, "Mayi, sitayiloyi imafuna mbina. Ndiikemo siponji?" Ndakana. Amayi athu lamulo la mu 1973 linawaletsa buluku ndi siketi yaifupi mpaka 1993, ndiye ife lero sitayilo itiuze thupi loti tikhale nalo? Ndamuuza aphwasule, asoke loyenera thupi limene ndili nalo. Akuti ndionjezere ndalama, ndipo chitenje chotsala chingoperewera manja. Ndiye ndikavine perekaniperekani manja ali pamtunda, aNaphiri akuwerenga mafupa anga? Usiku wathawu ndinadzuka kawiri, kumangoganiza za manja a diresi.

Paja Nangozo wachira, mwana wamwamuna. Mlamu wako wayamba ntchito ku Makata.

Iwe, usandiseke, ndikunena zoona: kayezetse BP kumeneko, sizitenga ndi mphindi zisanu zomwe. Masayawo ndawakonda, koma ndikufuna udzabwere wekha ndi miyendo yako. Ukapeza leyisi ya buluu yotchipa unditumizire ndi aliyense wobwera pabasi, mwina manjawo tingalumikize. Magetsi azimanso, kandulo watsala kachidutswa, ndipo za apongozi sindinathe, poti Lamulungu anabwera ndi nkhuku yathunthu nkundikhalira pafupi kuti aone ngati ndidya.

Ndine wako,
Nabanda