Kwa mwana wanga amene wavomera kuyendera ovutika

Chibavi, Mzuzu

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko ku Chiputula, iweyo, mkamwini wanga ndi adzukulu anga. Kuno tadzuka bwino, kungoti kuzizira kwa mwezi uno kwandilowa m'mawondo.

Mlongo wako wandiuza kuti kumpingo kwanu akusankha kukhala mlembi wa gulu loyendera okalamba, amasiye ndi anthu aulumali ku Chiputula ndi ku Zolozolo, ndipo wavomera. Mtima wanga wakondwa kwambiri. Ndati ndilembe chifukwa tikakumana ana amasokosa ndipo nkhani sitiimaliza. Walira mvula walira matope, mwana wanga, ndiye ndikuuziretu zimene ukakumane nazo.

Ukukumbukira mvula ya mu Epulo 2016. Inagwa osalekeza mpaka nyumba za zidina zinayamba kugwa kuno ku Chibavi ndi ku Salisbury Line, pamene ku Masasa dothi linagumuka m'malo otsetsereka, ndipo tinataya anthu. Masiku oyamba magalimoto ankabwera ndi ufa, ndowa ndi mabulangete, ndipo tinathokoza chifukwa zinatipulumutsa. Mvula itakata, magalimoto aja anasiya kubwera. Amene anatsala kuthandiza agogo opanda denga anali anthu a m'dera momwemo, amayi ogulitsa tomato ndi anyamata a kabaza. Iwowa ndiwo anaumba zidina zina, napempha mitengo ndi malata akale khomo ndi khomo. Ndikufuna iwe ukhale m'gulu la otsalawo. Kupereka thumba la ufa ndi ntchito ya tsiku limodzi. Ntchito imene wavomerayi ndi yoyenda ndi munthu mpaka nkhani yake itafika pamapeto.

Taganizira mayi wamasiye. Maliro angotha, achibale a mwamuna atenga makiyi, matiresi ndi makina osokera, akuti mayiyo abwerere kwawo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu chotere ndi mlandu, ndipo limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsalayo pamodzi ndi ana. Mayiyo kawirikawiri sadziwa zimenezi, ndipo ngakhale adziwe, miyendo imamulemera kupita yekha ku ofesi. Apa ndi pamene iwe ukufunika. Yambirani kwa a buloko lida ndi akuluakulu a mbali zonse ziwiri, chifukwa nkhani zina zimatha bwino pamphasa. Zikakanika, mperekeze ku Victim Support Unit ya kupolisi, kapena ku Legal Aid Bureau, imene ili ndi ofesi muno mu Mzuzu yothandiza anthu osatha kulipira loya. Muzinyamula chiphaso cha unzika, kalata ya imfa ndi mapepala a poloti, mutakulunga mu jumbo poopa mvula. Iwe uzitenga kope. Uzilembamo tsiku, amene mwaonana naye ndi zimene wanena. Akakuuzani kuti bwerani mawa, mawalo mupite ndithu, mukhale pabenchi pomwepo mpaka akuitaneni. Anthu osauka ambiri amaluza nkhani zawo chifukwa chotopa ndi ndalama ya thiransipoti, pamene lamulo linali kumbali yawo.

Mukalowa mu ofesimo, usamulande pakamwa. Iwe sukulu unapita ndipo Chingerezi umachitha, choncho n'kosavuta kuti aofesiwo aziyang'ana iwe, mwini nkhani atangokhala chete. Mlole afotokoze yekha, iwe uzingokumbutsa pamene waiwala. Tsiku lina adzafunika kupitako iwe kulibe.

Nkhani imene imandipweteka mtima kuposa zonse ndi ya agogo onamiziridwa ufiti. Munthu akakalamba mutu umatha kusokonezeka. Amadzuka usiku kufunafuna mudzi umene anakuliramo, m'mawa n'kupezeka pakhomo la eni ake atavala kansalu kamodzi, mapazi ali matope, akunjenjemera ndi chisanu. Anthu amathamangira kunena kuti wagwa pa ndege ya ufiti, ndipo miyala imayamba. Dziwa kuti lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Koma usakayese kuphunzitsa malamulo gulu lolusa uli wekha. Imbira apolisi, itana a buloko lida, mulowetse gogoyo m'nyumba ndi kumufunditsa. Zinthu zikazizira, mupite naye kuchipatala. Tili ndi mwayi mu mzinda uno kuti a St John of God amathandiza odwala matenda a maganizo, ndiponso amene agwidwa ndi mowa ndi chamba. Ukatero usamuiwale. Uzipita kukakhala naye pakhonde masana anthu akuona, uzidya naye m'mbale imodzi. Anthu oyandikana naye akaona wina akumulemekeza, nawonso amayamba kuchita manyazi.

Za ana sindichulukitsa. Nambala ya foni ya 116, yonenera nkhanza zochitira ana, ndi yaulere, ndipo uiphunzitse kwa aliyense wa m'gulu lanu. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa mwana wosafika zaka 18, ngakhale makolo avomere. Mwana akachitiridwa nkhanza zogonana, chipatala ndi polisi tsiku lomwelo, osadikira kuti akuluakulu akambirane kaye.

Tsopano za foni. Ndimaona zithunzi pa Facebook, agogo atagwira paketi ya shuga, wopereka akumwetulira pambali. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa gogoyo analera ana, anali ndi munda wake ndi ulemu wake. Usajambule munthu osamupempha, ndipo akakana, thandizo lake lisachepe. Kwa mwana wa khungu lachialubino ndiye usayerekeze n'komwe. Ukudziwa nkhanza zimene abale athuwa akhala akukumana nazo kuyambira cha mu 2014, ndipo chithunzi choonetsa nyumba ndi njira yake chingathe kulondolera anthu oipa. Mwanayo akufuna chipewa chachikulu, mafuta oteteza khungu kudzuwa, mpando wakutsogolo m'kalasi chifukwa maso ake saona patali, ndi chitseko chokhoma bwino.

Ndalama za gulu zisagone m'foni mwako. Ngakhale ndi zochepa bwanji, zilembedwe m'buku, asayine anthu awiri, ndipo muziwerenga poyera mwezi ndi mwezi. Ndaona magulu abwino akutha chifukwa cha kukayikirana, osati kuba kwenikweni, kungoti panalibe cholembedwa. Ena adzalowa m'gulu poyembekezera alawansi, ndipo akaona kuti kulibe adzachoka. Usawanyoze, nawonso kwawo kuli njala. Andale nawo adzabwera ndi katundu wawo. Khansala wa dera lanu muzimupitira ndithu, ndi udindo wake kumva za ngalande zotsekeka ndi madzi, koma mndandanda wa ovutika usalembedwe poyang'ana nsalu ya chipani kapena mpingo. Msilamu, Mkatolika, wa CCAP ndi amene sapemphera, onse alembedwe malinga ndi vuto lawo.

Usalonjeze chimene ulibe. Ukamuuza wamasiye kuti fizi ya mwana ipezeka, iye amasiya kufunafuna kwina, ndipo ikapanda kupezeka wamupweteka kawiri. Kuli bwino kunena kuti sindikudziwa ngati zitheka, koma Lachiwiri ndibwera tikafunse limodzi. Ndiye Lachiwirilo upite.

Ife kunyumba timalankhula Chichewa, koma agogo ambiri amene ukawayendere ndi a ku Mzimba, ku Rumphi ndi ku Nkhata Bay. Chitumbuka unakulira nacho, chigwiritse ntchito, ndipo pamene Chitonga chakuvuta tenga mnzako wochidziwa. Ukafika gwada, pereka moni, funsa za thupi ndi za adzukulu, kope likhale kaye m'chikwama. Nthawi zina chimene iwe ukuganiza kuti akusowa si chimene chikuwasowetsa tulo. Ungabwere ndi bulangete pamene iwo akudandaula kuti palibe wowatengera mankhwala a BP kuchipatala.

Pakhomo pako usapaiwale. Ukambirane ndi bambo a ana masiku amene uziyenda, ndipo ena asiyire anzako a m'gulu. Ukaona zinthu zokulemera mumtima, usazisunge wekha, bwera tidzakambirane.

Loweruka udutse kuno. Ndasankha majuzi ndi masokosi pa kaunjika, ndawachapa kale, ndipo ndikufuna ndikuonetse nyumba ya gogo wina kuseri kwathu kuno amene khoma lake lang'aluka, tione ngati anyamata a gulu lanu angalikonze mvula isanayambe. Upereke moni kwa mkamwini wanga, ndipo adzukulu anga uziwaveka zofunda m'mawa popita kusukulu.

Ndine mayi ako okukonda.