Anthu adagawidwa ngati chuma chamasiye ku Mount Vernon

Akonzi,

Tikamakamba za ukapolo timathamangira za zombo ndi maunyolo. Ndipempha tiyang'aneko zomwe zinkachitika pakhomo mwini munda akamwalira, chifukwa nkhaniyi imandiwawa mtima.

Ku Virginia, m'dziko la America, Daniel Parke Custis adamwalira mu 1757 osasiya wilu. Mkazi wake Martha adapatsidwa gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma kuti azigwiritsa ntchito ali moyo: minda, katundu, ndiponso anthu. Mu 1759 adakwatiwa ndi George Washington, amene pambuyo pake adakhala pulezidenti woyamba wa America, ndipo ambiri mwa akapolowo adakakhala ku Mount Vernon, munda wa Washington, nakwatirana ndi a kumeneko.

Pofika 1799 pamalopo panali akapolo 317. Wilu ya Washington idamasula ake 123 okha. 153 anali a banja la Custis ndipo analibe mphamvu pa iwo. Lamulo la 1662 linkati mwana atsata mayi, choncho mayi akakhala wa Custis, ana onse ndi a Custis.

Taganizani za Isaac, kalipentala, ndi mkazi wake Kitty amene ankakama ng'ombe. Isaac, pokhala wa Washington, adamasulidwa mu 1801. Martha atamwalira mu 1802, Kitty ndi ana ake aakazi, pokhala a Custis, adagawidwa kwa adzukulu a Martha, wina uku wina uko, bambo akuona ndi maso.

Ife timadziwa ululu wa kulanda chuma chamasiye, pamene achibale akanganirana mbuzi ndi malata. Kumeneko pamndandanda womwewo wa ziweto ndi mipando pankalembedwanso maina a ana. Aphunzitsi a mbiri aziwatchula maina amenewa m'kalasi.

Wowerenga wanu,
Zomba