Pulogalamu yakale ya DOS inadzukanso pa laputopu yatsopano

A Mkonzi,

Zikomo pondipatsa danga m'nyuzipepala yathuyi. Ndalemba chifukwa cha zomwe zinawachitikira amalume anga mwezi wathawu, ndipo ndikudziwa kuti si okhawa ayi.

Amalumewa ali ndi shopu ya hadiweya ku Zomba kuyambira zaka za m'ma 1990, ndiye maakaunti onse, sitoko ya simenti ndi malata, ngongole za makasitomala, zonse amasunga mu kapulogalamu kena ka DOS (dongosolo lakale loyendetsera kompyuta, Windows isanafale), kaja ka sikirini yabuluu kopanda mouse, kumangodina F2, F3 basi. Kompyuta yake inali ya Windows 98, yofiirira ndi fumbi koma imagwira bwinobwino. Tsiku lina magetsi anathima n'kubweranso mwamphamvu, inangomveka fungo la kupsa, osayakanso. Anagula laputopu ya Windows 11, anyamata okonza aja kuyesa kuikamo pulogalamu ija ikukana, mpaka anawauza kuti bambo izi zinatha ntchito, ingoyambani kaundula watsopano. Munthu wamkulu misozi inalengeza m'maso, poti mmenemo muli maina a anthu onse omwe anatenga katundu pangongole, ndipo zolemba m'kope anasiya kalekale.

Anyamatawo sananame kwenikweni, Windows yamakono ya 64-bit siyendetsadi mapulogalamu akale a 16-bit ngati a DOS. Chomwe chinandiwawa n'chakuti palibe ngakhale mmodzi anatchulako za emulator. Imeneyi ndi pulogalamu yomwe imatsanzira kompyuta yakale yonse mkati mwa yatsopano, purosesa yake, memory, sikirini, moti pulogalamu yakale ija imangoona ngati ili kwawo.

Ndinapita Loweruka, n'kutsegula bokosi la kompyuta yakale ija, n'kuchotsa hard disk, ija ya IDE ya chingwe chachikulu ngati lamba cha mapini 40. Mwamwayi sinapse. Ndinailumikiza ku laputopu ndi adaputa ya USB n'kukopa foda yonse, eti zaka zonsezi koma yosakwana 20MB. Kenako ndinaika emulator yotchedwa DOSBox-X, yaulere pa intaneti. DOSBox wamba anaipangira kwambiri magemu, pomwe ya X-yi imayendetsanso mapulogalamu antchito ngakhale Windows 3.1 ndi 98 yomwe. Ndinangolemba lamulo la mount c ndi dzina la foda, kuti iione fodayo ngati hard disk yake, kenako dzina la pulogalamu, Enter, buluu uja n'kutulukira. Amalume anakhala kaye duu, kenako anakokera mpando pafupi n'kuyamba kusaka dzina la mmisiri wina yemwe anatenga matumba a simenti mu Januwale, analipeza, deti ndi ndalama zonse zili momwemo. Chinativuta ndi printa yawo ya dot matrix yolira ngati nyenje ija, laputopu ilibe doko la parallel lolumikizirapo printa zakalezi, ndiye pakadali pano malisiti akuyamba asungidwa mu fayilo kenako n'kusindikiza pa printa ina.

Si za DOS zokha. M'mashopu osindikiza muli masikana ndi makina odula zilembo omwe madiraiva ake (timapulogalamu towayendetsa) anathera pa Windows XP. Pamenepo mpofunika VirtualBox ya kampani ya Oracle, yoti muikemo XP-yo mkati mwa kompyuta yatsopano, nayonso yaulere, kusiyana kwake iyoyi sitsanzira purosesa koma imabwereka yeniyeniyo, n'chifukwa chake imathamanga. Mumayatsa kaye VT-x, yomwe imalola kubwereka purosesako, mu BIOS (ma settings opezeka kompyuta ikangoyaka), kuipatsa XP 512MB ya RAM yakwana, ndipo mukamaliza kuika zonse tengani snapshot, kusunga mmene XP-yo ilili pa nthawiyo, kuti ikadzasokonekera mudzangobwerera pomwepo.

Koma chonde abale, XP imeneyo musailumikize pa intaneti, zimitsani network mu settings. Inatuluka mu 2001 ndipo Microsoft inasiya kuisamalira pa 8 Epulo 2014. Mu Meyi 2017 vairasi ya pakompyuta yotchedwa WannaCry inatseka makompyuta m'zipatala za boma (NHS) ku Britain mpaka odwala kubwezedwa, chifukwa cha Windows yosakonzedwa mabowo ake, nanga ife amene timangolowetsa flashi iliyonse yochokera kwa oika nyimbo pamsika?

Nkhaniyi ingokulirakulira chifukwa Windows 10 nayo anasiya kuisamalira pa 14 Okutobala 2025, ndipo makompyuta ambiri akaunjika omwe timagula kuno sangalandire Windows 11 poti alibe kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Anthu azisintha makompyuta, mapulogalamu awo akale azikana, ndipo aziuzidwa zomwe anauzidwa amalume zija. Ndikupempha makoleji ophunzitsa ntchito zamanja ndi onse ophunzitsa zokonza makompyuta kuti aphunzitseko ana athuwa DOSBox, VirtualBox ndi emulator ina yotchedwa QEMU, asamangodziwa kufomata kokha, masiku awiri akwana kuti munthu agwire mutu wake.

Foda ija tinaikopera pa maflashi awiri, imodzi ili kushopu, inayo azakhali anaitsekera mu sutikesi kunyumba, ndipo mmisiri uja anabwera Lachitatu kudzapereka theka.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Chinamwali, Zomba