Mapangano a nyanja ya Aral akulephera pa nkhani ya nyengo

Akonzi,

Amene anaona Chilwa ataphwa mu 1995 ndi 2018 sangavutike kumva nkhani ya nyanja ya Aral ku Central Asia, kungoti iyoyo anaiphwetsa ndi anthu. Mu 1960 inali yaikulu masikweya kilomita 68,000. Boma la Soviet Union linapatutsa mitsinje ya Amu Darya ndi Syr Darya, yomwe inkathira m'nyanjayi, kukathirira thonje, kudzera m'ngalande zokumbidwa mumchenga zosamata simenti, ngati ya Karakum, moti madzi ochuluka ankamwerera asanafike kumunda. Lero ku Moynaq, tauni ya ku Uzbekistan yomwe inali doko la nyanjayi, zombo zangoti mbwee pamchenga, dzimbiri lokhalokha.

Kazakhstan, Uzbekistan, Turkmenistan, Tajikistan ndi Kyrgyzstan anasainirana pangano logawana madzi ku Almaty mu 1992, ndipo mu 1993 anakhazikitsa thumba la ndalama zopulumutsira nyanjayi lotchedwa IFAS. Pagona nkhani ndi pa nyengo. Kyrgyzstan ali kumtunda, ndipo amafuna kutsegula damu la Toktogul m'nyengo yozizira kuti apange magetsi. Akumunsi amafuna madzi omwewo m'nyengo yotentha, thonje likamakula. Mu 1998 anagwirizana zoti akumunsi azipereka malasha ndi gasi kuti madzi azisungidwa, koma katunduyo akachedwa, damu linkatsegulidwabe, madzi n'kusefukira pomwe minda siikuwafuna. Sindikuwadzudzula a Kyrgyzstan, chifukwa palibe boma lingagonetse anthu ake m'chisanu kuti mnansi akolole. Mu 2016 Kyrgyzstan anaimika kutenga mbali mu IFAS.

Chomwe chaoneka phindu ndi khoma la Kokaral, la makilomita 13, lolekanitsa mbali yakumpoto ya nyanjayi ndi yakummwera, lomwe Kazakhstan anamaliza mu 2005 mothandizidwa ndi World Bank. Madzi akumpoto anakwera, mchere unachepa, nsomba zinabwerera. Koma limeneli ndi dziko limodzi kudzipulumutsira mbali yake. Kummwera, chigawo chakum'mawa chinaumiratu mu 2014.

Tsopano Afghanistan, yemwe sali m'mapanganowa, anayamba mu 2022 kukumba ngalande ya Qosh Tepa, ya makilomita 285, yotunga mu Amu Darya. Ayitanidwe msanga pa zokambirana. Pamalire pakhale zoyezera madzi zoti onse aziwerenga, mtengo wosungira madzi kumtunda ulembedwe ndi tsiku lolipira, ndipo ngalande zikuluzikulu zimatidwe simenti asanatsegule minda ina.

Ndine wowerenga wanu,
Zomba