Gemu yabwino sinamiza woisewera

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya magemu a pafoni ndi pakompyuta, chifukwa anzanga a msinkhu wanga akangowamva amati ndi chitayanthawi basi. Sindikuikira kumbuyo mwana amene wasiya homuweki n'kumathamangitsa galimoto pasikirini, ayi. Koma ine ndakalambira mu labotale, diso lili pa maikulosikopu, ndipo za magemu ndinazimvera komweko.

Kuwerenga tizilombo ta malungo m'magazi ndi ntchito yolemetsa maso. Umapaka dontho la magazi pagalasi, liume, ulithire utoto wa Giemsa, kenako uyambe kulisuntha pang'onopang'ono ukusaka kadontho kofiira kokhala ndi kamphete kabuluu. Dzuwa likamapendeka, maso amayamba kuona zimene palibe. Mu 2012, ku Madrid, wofufuza wina dzina lake Miguel Luengo-Oroz anatenga zithunzi za magalasi otere n'kuzisandutsa gemu ya pa intaneti yotchedwa MalariaSpot. Wosewera ankapatsidwa mphindi imodzi kuti adine paliponse pamene waona kachilombo. M'mwezi umodzi anthu a m'maiko 95 anaisewera maulendo oposa 12,000, ambiri mwa iwo osadziwa n'komwe fungo la labotale. Ataphatikiza mayankho a masewero 22 pa chithunzi chimodzi, chiwerengero chinkalondola kuposa 99 peresenti.

Kunena zoona, nditangomva zinandiwawa. Zaka zonsezi, lero ndifanane ndi anthu odina foni ali gone pampando? Mtima utatsika ndinaona pamene pagona nzeru yake. Anthu 22 akalakwitsa, aliyense amalakwitsira pakepake: wina wadina kachitsotso ka utoto, wina wadumpha pakona. Koma pamene pali kachilombo kenikeni, zala zawo zimakumana. Kompyuta imangosunga pamene zakumanapo, zinazo n'kutaya.

Imene inandigwira mtima kwambiri ndi Foldit, ya ku yunivesite ya Washington mumzinda wa Seattle, imene inatuluka mu 2008. Puloteni ili ngati mkanda wautali umene umadzipinda wokha, ndipo ntchito yake m'thupi imadalira mmene wapindikira. Njira zimene mkanda umodzi ungapindikire n'zosawerengeka. Gulu la wasayansi wa pa yunivesiteyo, David Baker, linali kale ndi pulogalamu ya Rosetta@home, yobwereka mphamvu za makompyuta a anthu odzipereka pamene eni ake sakuwagwiritsa ntchito. Eni makompyutawo ankaonerera pasikirini makina akulimbana ndi puloteni, ndipo ena anayamba kudandaula kuti akuona poyera pofunika kukonza koma alibe pogwira. Ndiye Baker ndi anzake odziwa za makompyuta, Zoran Popović ndi Seth Cooper, anawapatsa pogwirapo: ukoke apa, upinde apo, ugwedeze, ndipo puloteni ikakhazikika bwino mapointi ako amakwera.

Mu 2011 osewerawo anapatsidwa puloteni ya kachilombo kotchedwa Mason-Pfizer, kamene kamayambitsa matenda onga Edzi mwa anyani. Asayansi anali atalimbana nayo zaka zoposa 10 osapeza maonekedwe ake. Osewera anawapezera njira m'milungu itatu. Anaiposa pati kompyuta? Kompyuta ikafika pamene mapointi akwera imakakamira pomwepo, chifukwa kulikonse kumene ingasunthire akutsika. Munthu amatha kuyang'ana n'kunena kuti apa ndasokera, n'kumasula zonse, mapointi n'kugwa, ali ndi chikhulupiriro choti kutsogolo akwera kuposa kale. Aliyense amene anamasulapo juzi yoluka theka chifukwa cha diso limodzi lolakwika akudziwa zimene ndikunena. Ndipo zotsatirazo zitasindikizidwa, magulu a osewera analembedwa pamodzi ndi asayansi monga eni ntchitoyo. Baker uja ndi amene analandira nawo mphoto ya Nobel mu 2024.

Mdzukulu wanga anandiikira Foldit pa laputopu. Ndisaname, sindinatulukire kanthu. Ndikadali m'magawo ophunzitsira.

Koma chimene ndalembera kalatayi si kutamanda kokha. Pali zinthu ziwiri zimene gemu yotere ingabise, ndipo zonse ndazionapo pantchito.

Choyamba ndi mapointi. Pamalo ena pamene ndinagwirapo ntchito, akuluakulu anayamba kutiyamikira potengera kuchuluka kwa magalasi amene munthu wamaliza patsiku. Sipanathe mwezi, tonse tinali akatswiri othamanga, ndipo sindikufuna kuganiza za tizilombo timene tinatidumpha. Munthu amathamangira chimene chikuwerengedwa. Ngati mapointi sakumangirizidwa ku choonadi, osewera adzapeza njira yokwezera mapointi popanda kuthetsa vuto, ndipo sungawaimbe mlandu. Anthu a ku Carnegie Mellon ndi Stanford amene anapanga gemu ya EteRNA, yopinda RNA, mkanda wina wa m'maselo umene umadzipindanso wokha, anazindikira zimenezi. Zimene osewera apanga pasikirini, zosankhidwa bwino zimakapangidwadi mu labotale, ndipo mapointi amabwera kuchokera pa mmene chinthucho chapindikira m'botolo. Pamenepo palibe kubera.

Chachiwiri, wosewera adziwe kuti akulimira ndani. Luis von Ahn, wa ku Guatemala, ndi mmodzi mwa oyambitsa maganizo onsewa. Gemu yake ya ESP inkaonetsa chithunzi chimodzi kwa anthu awiri osadziwana, aliyense alembe mawu ochifotokoza, ndipo akafanana onse apeza mapointi. Mwa njira imeneyi zithunzi zambirimbiri zinapeza maina, ndipo Google inaitenga mu 2006. Mu 2007 anatulutsa reCAPTCHA, timawu topindikapindika tija timene tinkalemba posonyeza kuti ndife anthu. Pa mawu awiri aja, amodzi kompyuta inkawadziwa kale. Enawo anali ochokera m'mabuku ndi m'manyuzipepala akale, monga New York Times, amene makina analephera kuwerenga. Google inaigula mu 2009, ndipo pambuyo pake tinayamba kuwerengeranso manambala a nyumba ojambulidwa m'misewu. Nzeru yake ndi yogometsa, ndipo kupulumutsa mabuku akale ndi ntchito yabwino. Pakona pake panalidi timawu tonena za kuwerenga mabuku, koma ndani ankatiwerenga ali pachangu chotsegula imelo? Iyo sinali gemu yoti ulowe mwakufuna kwako. Linali geti, ndipo wosalima sankadutsa.

Tikamati mutu umodzi susenza denga, tisaiwale kuti osenzawo amadziwa nyumba imene dengalo likupita, ndipo mwini nyumba amawadziwa maina. Mu 2007 mphunzitsi wa ku Netherlands, Hanny van Arkel, akusanja zithunzi za milalang'amba pa Galaxy Zoo, tsamba la pa intaneti pamene anthu wamba amathandiza asayansi a zakuthambo, anaona kamtambo kachilendo n'kufunsa kuti n'chiyani. Lero kamtamboko kamadziwika ndi dzina lake. Akanakhala kuti amangodina osauzidwa chimene akuyang'ana, funsolo akanalifunsa kwa ndani?

Ena adzati zonsezi zatha ntchito, popeza kuyambira 2020 pulogalamu ya kompyuta ya AlphaFold, ya kampani ya DeepMind, imalosera maonekedwe a mapuloteni mwaluso kuposa wosewera aliyense. Mbali imeneyo n'zoona, makina apambana. Osewera a Foldit anali atayamba kale zina: kupanga mapuloteni atsopano amene kulibe m'chilengedwe, ndipo mu 2019 ena mwa iwo atayesedwa mu labotale anapindikadi monga anawakonzera.

Choncho anzanga, mukapeza mwana ali pa gemu, musanamulande foni mufunseni kaye kuti mapointi akewo akuchokera kuti ndipo thukuta lake likupita kwa ndani. Wanga ndinamufunsa, anandiyankha bwinobwino, ndipo wandilonjeza kuti Loweruka adzandithandiza kudutsa gawo limene ndakakamirapo milungu iwiri tsopano.

Ine wanu,
Wa mu labotale wopuma pantchito