Dandaulo pa mankhwala otsukira marimu amene munandigulitsa

Nchalo, Chikwawa

Kwa Oyang'anira Malonda,

Bwana,

Ndili ndi malo otsukirapo galimoto pano pa Nchalo, m'mbali mwa msewu wa M1. Mwezi wathawu wogulitsa katundu wanu anandigulitsa chigubu cha malita 5 cha mankhwala otsukira marimu, n'kunditsimikizira kuti rimu ya mtundu uliwonse amayeretsa popanda vuto. Mankhwalawo awononga marimu onse anayi a aluminiyamu pa galimoto ya kasitomala wanga, ndipo ndikufuna kampani yanu ikonze zimenezi.

Galimoto zambiri zobwera kwa ine zimakhala zangotsika kuchokera ku Blantyre. Mtsetse wokhotakhota wa ku Thabwa uja, mpaka kudzafika pa mlatho wa Kamuzu, ndi madalaivala owerengeka amene amautsika pa giya yaing'ono. Ambiri, makamaka a galimoto za otomatiki, phazi silichoka pa buleki. Pofika kuno marimu akutsogolo amakhala ali bii, poti mabuleki akutsogolo ndiwo amasenza ntchito yaikulu. Limeneli si fumbi la mumsewu ayi. Ndi tizitsulo topalika pa disiki ya buleki, tosakanikirana ndi zonyenyeka za mapadi, ndipo timagwera pa rimu tili totentha n'kukanirira mu vanishi. Tikakhalitsa timachita dzimbiri, sopo wamba osatithanso, ndiye madzi amchere a m'mijigo yambiri kuno amangowonjezera mawanga. N'chifukwa chake ndinalolera kutulutsa ndalama.

Tinatsatira zimene munalemba pa chigubu: kusungunula ndi madzi, kupopera, kudikira mphindi 5, kenako kutsukuluza. Galimotoyo inali itazizira kale pansi pa shedi. Koma mphindi 5 za ku Blantyre si za ku Nchalo. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mankhwalawo anaumira pa rimu nthawiyo isanakwane. Titatsukuluza tinapeza mizere yotuwa yotsetsereka pa sipoko iliyonse, ngati wina wadonthezerapo laimu. Mozungulira manati vanishi wayamba kusupuka, ukakanda ndi chikhadabo akuchoka. Kutacha, manatiwo anali atafiira ndi dzimbiri. Mnyamata amene anapopera anagona zala zikumuwotcha m'kati mwa zikhadabo.

Sindine katswiri wa mankhwala, koma ntchitoyi ndaigwira kokwanira kuti ndidziwe asidi ndikamuona. Asidi wamphamvu amadya aluminiyamu, ndipo pomwe wadya sipabwereranso ndi polishi. Mankhwala ena ochotsa tizitsulo timeneti alipo, aja amasanduka ofiirira akakumana ndi chitsulo, ndipo savulaza vanishi. Anuwa si amenewo. Nanga bwanji pa chigubu palibe mawu oti muli asidi, palibe chenjezo la magolovesi, palibe ngakhale loti asaumire pa rimu? Katundu wotere mukumutumiza ku chigwa chotentha kuposa madera ambiri m'dziko muno, malangizo ake ali a kumalo ozizira.

Chimene chandipweteka kwambiri ndi mayankhidwe anu. Nditaimba foni ku ofesi kwanu, amene anayankha sanafunse n'komwe nambala ya lisiti. Anangoti anyamata a kumudzi sadziwa kutsuka galimoto. Wogulitsa uja kuyambira tsiku limenelo foni yanga sayankha. Mwini galimoto, yemwe amandibweretseranso anzake, tsopano akukatsukitsa kwina, ndipo pa Nchalo nkhani sichedwa kufala.

Ndikupempha kuti mulipire mtengo wopalitsa ndi kupentetsanso marimu anayiwo ku Blantyre, pamodzi ndi manati atsopano. Mudzatengenso chigubu chanu, chidakali chodzadza ndithu, mundibwezere ndalama zanga. Zolembedwa pa chigubu nazo muzikonze, ndipo chenjezo likhalenso m'Chichewa, chifukwa ogwira mankhwalawa ndi manja si mabwana a mu ofesi.

Ndaphatikiza lisiti ndi zithunzi za marimuwo. Ngati sindilandira yankho lolembedwa pasanathe masiku 14, nkhaniyi ndikaitula ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission, ndipo mankhwala otsalawo ndikawapereka ku Malawi Bureau of Standards kuti akawayeze.

Ine wodandaula,
Mwini malo otsukira galimoto,
Nchalo